Laimu pa khoma long'ambika

Sabata ino tiyeni tilingalire za ntchito imene ambirife tinaigwirapo ndi manja athu: kukonza nyumba ya munthu amene akufuna kuigulitsa kuti asamuke.

Kuno ku Mvera kusamuka si nkhani yachilendo. Ngakhale amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amene anafika kuno m'chaka cha 1889 m'dziko la mfumu Chiwere, mpingo wawo pambuyo pake unasamutsira likulu lake ku Nkhoma. Lero asilikali a pa kampu amalandira kalata yowatumiza kwina, aphunzitsi chimodzimodzi, ndipo msewu wa Lilongwe ndi Salima umanyamula ena kupita m'tauni, ena mpaka ku Joni. Amene anadzimangira nyumba pa Mvera kapena pa Chezi amaigulitsa kuti akapeze poyambira kumene akupitako. Pamenepa palibe cholakwa.

Taonani nthawi imene malonda otere amachitika. Kawirikawiri ndi mu Seputembala kapena Okutobala, pamene alimi a fodya abwerako ku okushoni ku Kanengo ndipo ndalama zikadali m'thumba. Dzuwa lili phwee, mvula inaleka kalekale, denga lililonse likuoneka labwino. Mwini nyumba amagula thumba la laimu, natiitana ife achinyamata, ena pa ganyu, ena mwachifundo chabe poti ndi mnzathu wa mu mphakati. Timasesa, timalambula pabwalo, timapaka makoma mpaka kuyera kuti mbee. Madzulo timabwerera kwathu titatuwa, mitima ili yokondwa kuti tathandiza.

Koma pali kukonza kuwiri, ndipo zipangizo zake n'zofanana. Pali kukonza kochotsa vuto: phaso lodyedwa ndi chiswe lichotsedwe, lata lobooka lisinthidwe, ngalande ikumbidwe kuti madzi otsika m'phiri asamagunde maziko. Ndiye pali kukonza kobisa vuto. Mng'alu wochokera pa zenera kutsika mpaka pansi timaumata ndi dothi n'kupakapo laimu. Mabowo a malata timawatseka ndi phula, podziwa kuti phulalo silifika Januwale. Phaso lofumbwa timalipaka oyilo wakuda kuti lioneke lolimba. Chimbudzi chimene chatsala pang'ono kudzadza timachizira bwino pamwamba. Ife tikuti kukonza kwachiwiriku ndi bodza lonenedwa ndi bulashi, ndipo wogwira bulashiyo sangasambe m'manja n'kunena kuti anangotumidwa.

Funsoli si la lero. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira m'chaka cha 1274, analifunsa m'buku lake la Summa Theologiae: kodi wogulitsa ali ndi udindo woulula chilema cha chinthu chimene akugulitsa? Yankho lake n'losavuta kumva. Ngati chilemacho chili poyera, monga hatchi ya diso limodzi, wogulitsa sakakamizidwa kuchilengeza, bola atsitse mtengo moyenera. Koma ngati n'chobisika, ndipo chingavulaze kapena kuluzitsa wogula, kukhala chete n'kulakwa, ndipo wogulitsayo ayenera kubweza zimene mnzake wataya. Chotidabwitsa n'chakuti pakati pa zitsanzo zake anatchulapo nyumba yofuna kugwa yogulitsidwa ngati yolimba, ngati kuti anayendapo m'mapiri athu ano. Naye mneneri Ezekiele, pa mutu 13, anadzudzula anthu opaka njereza pa khoma losalimba, limene mvula yamphamvu ndi matalala zidzaligwetse.

Tikudziwa zimene ena anganene, ndipo sitikuzipeputsa. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi misomali zinakwera mtengo koopsa. Munthu wosamuka ali ndi galimoto yoti alipire, lendi ya kumene akupita, ana oti awapezere malo kusukulu yatsopano. Angamange bwanji khoma la nyumba imene akuisiya? Zoonadi, palibe akumukakamiza kutero. Chimene akufunsidwa n'chotsika mtengo kuposa thumba la simenti, ngakhale n'cholemera pakamwa: kumutenga wogula, kumuonetsa mng'alu, kumuuza kuti chipinda ichi chimadontha pakona apa, kenaka n'kugwirizana mtengo woona. Inde, mtengo utsika. Koma ndalama imene imabwera chifukwa chakuti wogula sanaone chilema sinali yathu chiyambire.

Tiganizirenso kuti wogulayo ndani. Si mlendo wochokera kutsidya la nyanja ayi. Mwina ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene akuthira m'nyumbamo ndalama zonse za penshoni yake. Mwina ndi mlimi amene anagona m'chigafa miyezi ingapo akusamala fodya. Mwina ndi mayi wamasiye amene timakhala naye benchi limodzi Lamulungu. Mvula ya Febuluwale ikadzavumba usiku, pansi pa khoma lija padzakhala patagona ana ake, ife tili kutali.

Zilema zina sizikhala pa khoma. Malo ambiri kuno ndi a makolo, ndipo pa mwambo wathu wa Chichewa malo a mbumba sagulitsidwa ndi munthu mmodzi atsibweni ndi alongo osadziwa. Taonapo wogula akulowa m'nyumba yoyera bwino, sabata isanathe abale a wogulitsa afika kudzanena kuti bwalo lonse mpaka pa mtengo wa mango ndi lawo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti oyang'anira malo m'dera la gulupu aliyense, koma lamulo palokha silingayende m'malire. Wogulitsa aitane anyakwawa, oyandikana nawo ndi abale, ayende nawo m'malire monse dzuwa likuwala, zolembedwa zisainidwe pamaso pa mboni. Mkangano wa malire umene tikuudziwa n'kuubisa ndi mng'alu womwewo, kungoti uwu laimu wake ndi kumwetulira.

Za kulongedza sitichulutsa mawu. Makatoni, matumba ndi zingwe aliyense amazidziwa. Chimene chimatichititsa manyazi ndi usiku womaliza, pamene ena amazula maloko, mababu, mawaya, ngakhale chitseko cha bafa, ndi kugwetsa mtengo wa zipatso kuti apite ndi nkhuni. Zimene wogula anaziona tsiku logwirizana mtengo ndi zimene anagula. Ngati pali chimene tikufuna kupita nacho, tichitchule tsiku lomwelo.

Kwa ife achinyamata pempho ndi ili. Akatiitana kukapaka nyumba yogulitsa, tipite, pakuti kuthandizana n'kwabwino ndipo ganyu ndi wosowa. Koma tisanasungunule laimu, tiyende m'zipinda pamodzi ndi mwini nyumba, timufunse mwaulemu kuti, “Bambo, mng'alu uwu tiukonza kapena tiuonetsa kwa ogula?” Ena adzakwiya n'kuitana anyamata ena. Ena adzakhala chete kanthawi, kenaka adzatipatsa khala kuti tilembe chizindikiro pansi, pamalo ponse pamene beseni limaikidwa m'dzinja.