APHUNZITSI AAKAZI AKHALE NAWO PAMIPANDO YAPATSOGOLO

Aliyense amene anapezekapo pamsonkhano waukulu wa aphunzitsi akudziŵa m'mene zinthu zimayendera. Amayi amabwera mwaunyinji, amaimba, amalandira alendo, amaonetsetsa kuti chakudya chapsa pa nthaŵi yake. Koma ikafika nthaŵi yosankha atsogoleri, maina a abambo ndiwo amachuluka papepala, ndipo amayi amawapatsa komiti yawoyawo yoona za misonkhano ya amayi okhaokha. Ife tikuti komiti yotere njabwino ngati ikukonzekeretsa amayi kuloŵa m'komiti yaikulu. Ikakhala msasa womangidwa kuseri kwa nyumba kuti amayi asasokose, ilibe phindu.

Mbiri ya aphunzitsi a ku Mangalande, kumene kunachokera dongosolo la sukulu zathu zambiri, ikutiphunzitsa zimenezi. Bungwe lawo lalikulu la nthaŵiyo, National Union of Teachers, linayamba m'chaka cha 1870. Amayi anali ochuluka m'makalasi, koma malipiro awo anali ochepa kuyerekeza ndi a abambo ogwira ntchito yomweyo. M'chaka cha 1904 ena mwa mamembala anayambitsa kagulu m'kati mwa bungwelo, Equal Pay League, komenyera malipiro ofanana. Mu 1911 bungwelo linakhala ndi pulezidenti wake woyamba wamkazi, Isabel Cleghorn wa ku Sheffield, ndipo wina akanayesa kuti nkhani yatha. Sinathe. Mayi mmodzi pampando waulemu sanasinthe mitima ya nthumwi zoponya voti pamsonkhano wapachaka.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, malipiro a mphunzitsi wamkazi anaikidwa pa magawo anayi mwa magawo asanu a malipiro a mwamuna. Mamembala atavomereza mfundo ya malipiro ofanana mu 1919, abambo ena anakwiya nakayambitsa bungwe la amuna okhaokha. Amayi nawonso, poona kuti mfundo yovomerezedwayo ikungogona papepala, anaima paokha mu 1920 pa dzina la National Union of Women Teachers. Aphunzitsi anagaŵanika, ndipo amene anapindula ndi owalemba ntchito. M'madera ambiri mphunzitsi wamkazi akakwatiwa ankachotsedwa ntchito mpaka lamulo la maphunziro la 1944 linaletsa mchitidwewu. Malipiro ofanana anavomerezedwa mu 1955, nafika pachimake mu 1961, zaka 57 chiyambire kagulu kaja. Ndipo mlembi wamkulu woyamba wamkazi wa bungwe lalikululo, Christine Blower, anasankhidwa mu 2009, patapita zaka 139.

Pali chinanso chofunika kuchiona. Leah Manning, mphunzitsi amene anali pulezidenti wa bungwelo mu 1930, analoŵa m'Nyumba ya Malamulo ya ku London chaka chotsatira.  Bungwe la aphunzitsi ndi sukulu ya utsogoleri, ndipo mayi amene amutsekera khomo la sukulu imeneyi amutsekeranso njira ya kukhonsolo ndi ku Nyumba ya Malamulo.

Kuno kwathu lamulo lilipo kale. Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 likuti polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse, ndiponso asapitirire 60. Lamuloli likunena za ntchito za boma, koma palibe choletsa Teachers Union of Malawi kutsata muyezo womwewo m'makomiti ake onse, kuyambira pasukulu ndi pazoni kufikira kulikulu, ndi kuulemba m'malamulo ake kuti usadalire ufulu wa mtima wa atsogoleri a nthaŵiyo.

Tisaiŵale chopinga china. Malamulo oyendetsera dziko lino akuti wogwira ntchito m'boma ayenera kutula pansi udindo wake asanapikisane nawo pampando wa phungu. Kwa mayi amene malipiro ake ndiwo akuphunzitsa ana ndi kudyetsa abale, kusiya ntchito popanda chitsimikizo chopambana si nkhani yamaseŵera. Tsono maphunziro amene makomiti a amayi amakonza asathere pa za ngongole zazing'onozing'ono ndi za pakhomo. Aphunzitse malamulo a chisankho, kuŵerenga ndondomeko ya chuma, kutsogolera msonkhano ndi kukambirana ndi Unduna wa Maphunziro pa za nyumba za aphunzitsi akumidzi, za kukwezedwa pantchito ndi za tchuthi cha uchembere.

Kwa inu abambo a m'makomiti, ndi inu akuluakulu a maphunziro m'maboma, pempho lathu nlapafupi. Misonkhano iziitanidwa masana, osati madzulo pamene mayi akuyembekezeka pakhomo, ndipo mphunzitsi wamkazi wosankhidwa kukhala nthumwi apatsidwe chilolezo ndi ndalama zoyendera mofanana ndi mnzake wamwamuna. Pamsonkhano waukulu ukudzawu, bungwe liŵerengere mamembala ake poyera kuti amayi ndi angati m'kaundula, ndipo ndi angati m'komiti yaikulu.