Ogulitsa masipeya a njinga zamoto ayambe kuyeza asanalandire ndalama

Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya a njinga zamoto yakhala ikungokwera. Akabaza ambiri akagunditsa kutsogolo kwa njinga masiku ano amayamba apita ku Ndirande, kwa Malangalanga kapena ku Zigwagwa kukasaka mashoki, limu ndi habu zochotsa ku njinga yakale. Malonda ake ndi otentha ndipo palibe cholakwika kuwachita. Chodandaulitsa ndi yankho lomwe lafala pa mabenchi ambiri lakuti, “Bola ndi Boxer, zimalowa.” Wogulitsa amene akufuna kukhalitsa pa geni imeneyi aleke yankho limeneli.

Dzina la njinga limakhala lomwelo zaka zambiri pamene zitsulo zake zikusintha. Boxer ya Bajaj ilipo ya 100 ndi ya 150. HLX ya TVS nayo ili mitundu ingapo. Njinga zambiri za ku China zinatengera kapangidwe ka Honda CG125 ya m'zaka za m'ma 1970, n'chifukwa chake zimaoneka ngati ana a mimba imodzi, koma fakitale iliyonse imasintha pang'ono apa ndi apo malinga ndi chaka.

Mabering'i ndi chitsanzo chabwino. Ya nambala 6300 ndi ya 6202 zonse ndi mamilimita 35 kunja, choncho zimalowa mu habu imodzimodzi popanda vuto. Koma bowo lapakati la 6300 ndi mamilimita 10 pamene la 6202 ndi 15. Ekiselo yopyapyala ikalowa m'bowo lalikulu, gudumu limagwedera ndipo njinga imayamba kuvina ikathamanga. Pa 6201 ndi 6301 nkhani imatembenuka: mkati zonse ndi 12, koma kunja ina ndi 32, inayo 37.

Pa magudumu, nambala yomaliza yolembedwa pa tayala, monga 2.75-17 kapena 2.75-18, ndi kukula kwa limu m'mainchi. Gudumu la 18 likamangidwa pa mashoki opangidwira la 17, tayala limayandikira madigadi. Njinga itanyamula munthu ndi thumba la chimanga, dzenje limodzi la pamsewu ndi lokwanira kuti ziwirizo zikhudzane.

Choopsa kwambiri chili pa mabuleki. Pa gudumu la dilamu, mbale yonyamula mabuleki ili ndi kampata komwe kamagwira kachitsulo kotuluka pa shoki. Ngati ziwirizi sizikugwirana bwino, mbaleyo imazungulira limodzi ndi gudumu woyendetsa akangogwira buleki. Pa njinga za disiki, mabowo a mabawuti amasiyana kutalikirana kwake. Makaniko wina amangokuza bowo kapena kuwotcherera kachitsulo kuti zigwirane, njinga n'kutuluka pagalaja ili bwinobwino, vuto n'kudzaonekera pa mtsetse.

Ogulitsa ena amati kasitomala wa kabaza amakhala pa changu, ndipo ukamuchulutsira mafunso amapita pa benchi ina. Zimenezo n'zoona ndithu, pakuti tsiku lomwe njinga yaima ndiye kuti ndalama ya abwana ake sipezeka. Koma phindu la shoki imodzi silingafanane ndi mtengo wa dzina loipa. Akabaza amakhala pa siteji imodzi tsiku lonse, ndipo mbiri yakuti wakutiwakuti amagulitsa zosakwana siichedwa kuwanda. Katundu wobwezedwa amabweranso atakandika, wosagulitsika pa mtengo wake, mpamba n'kumangika. Wogula wokwiya athanso kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Zochita zake ndi zosavuta. Choyamba, wogula abweretse chitsulo chomwe chawonongekacho, kapena njinga yeniyeniyo. Akulu anati safunsa anadya phula. Chachiwiri, pa benchi pakhale veniya yoyezera kunenepa kwa ekiselo ndi kwa mapaipi a mashoki, komanso tepi yoyezera kutalika kwake. Kusiyana kwa milimita imodzi diso silingaone, koma n'kokwanira kuti shoki isamangike molimba. Chachitatu, wogulitsa aphunzire kuwerenga nambala ya chasisi. Imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo pa njinga zambiri chilembo cha nambala 10 chimaimira chaka: L ndi 2020, M ndi 2021, N ndi 2022, P ndi 2023. Chaka chomwe munthu anagulira njinga sichidalirika, chifukwa njinga imatha kukhala m'shopu nthawi yaitali isanagulidwe.

Amene amaphwasula njinga zakale alembe ndi penti mtundu ndi chaka pa chitsulo chilichonse tsiku lomwelo, asanaziunjike pamodzi. Mashoki agulitsidwe awiriawiri ochokera pa njinga imodzi, ndipo gudumu lipite ndi ekiselo, timabushi ndi mbale yake ya mabuleki. Zomwe zayesedwa n'kupezeka kuti zikukwanadi pa njinga ya chaka china zilembedwe m'kope, kuti ngakhale mnyamata wotsala pa benchi adziwe choyankha.

Ndipo pamene miyeso yakana, wogulitsa anene poyera kuti sizikwana, ngakhale ndalama zili kale m'manja. Kumbuyo kwa wakabazayo kumakwera amayi opita kumsika ndi ana a sukulu, amene sanakhalepo pokambirana mtengo.