Labotale si kalasi wamba

Ikamamangidwa nyumba ya sayansi pa yunivesite, ambirife timatengeka ndi penti ndi magalasi. Koma mphamvu ya nyumba ili m'maziko, m'zitsulo ndi m'konkire, zomwe sizioneka patsiku lodula riboni.

Labotale si kalasi wamba. Mumakhala makina olemera, mapaipi a gasi ndi mankhwala oopsa. Pansi pakamanjenjemera ngakhale pang'ono, maikulosikopu saonetsa bwino ndipo sikelo imanama.

Tisaiwalenso kuti dziko lino lili m'chigwa cha zivomezi. Chivomezi chidagwedeza Salima mu 1989, china chidagwetsa nyumba ku Karonga mu 2009. Tangoganizani mabotolo a asidi akusweka m'chipinda chodzaza ophunzira!

N'chifukwa chake injiniya aziyamba wayeza dothi asanajambule pulani, ndipo azikhalapo pothira konkire. Kontirakitala wobera simenti asapatsidwenso ntchito ya boma.

Tiganizirenso za mawa. Njerwa zootcha zatithera mitengo pomwe mabuloko a simenti alipo. Mawindo olowetsa kuwala ndi mphepo amachepetsa bilu ya magetsi.

Yunivesite ya MUST ku Thyolo, yomwe idatsekulidwa mu 2014, idamangidwa ndi ngongole ya ku China. Pomwe tikumangira ngongole chonchi, nyumba isamang'aluke tisanamalize kubweza.