Tiyese Wosambira ndi Koloko

Mwa mitundu inai ya kusambira kwa mpikisano, kusambira kwa cifuwa ndiko kocedwa koposa. Wosambira akankha madzi ndi manja onse awiri pamodzi, naponda ndi miyendo monga cule, ndipo lamulo limkakamiza kukhudza khoma ndi manja awiri. Cifukwa cace kucotsako ngakhale sekondi imodzi pa nthawi ndi nchito ya zaka.

M'caka ca 1976, pa masewera a Olympic ku Montreal, John Hencken wa ku America anasambira mamita 100 pa mphindi imodzi ndi masekondi 3.11. M'caka ca 2019 ku Gwangju, Adam Peaty wa ku Britain anamaliza mtunda womwewo pa masekondi 56.88, nakhala munthu woyamba kutsika pansi pa masekondi 57. Panapita zaka 43 kuti anthu acotseko masekondi 6 okha.

Komatu ku Paris m'caka ca 2024 Peaty yemweyo anakhala waciwiri ndi masekondi 59.05, pamene Nicolò Martinenghi wa ku Italy anatenga golide ndi 59.03. Kodi tinene kuti Peaty ndi wolephera? Iai. Mendulo ionetsa amene anapambana tsiku limenelo, koma koloko ionetsa pamene mphamvu ya munthu yafika.

Tsono aphunzitsi ndi makolo, musamfunse mwana wosambira za mphotho yokha. Mfunseninso nthawi yace. Amene waposa nthawi yace ya dzulo ayenera kuyamikidwa, ngakhale atafika pakhoma wotsiriza.