MDANI WA CHAMBO ADZALOWA PA PULOPELA

Pepani uthengawu ndi wautali, koma chonde werengani mpaka kumapeto musanandiyankhe.

Ine ndine makanika wa injini za maboti, mwana wa msodzi. Fizi yanga mpaka Fomu 4 inachokera mu usipa wa chilimira cha bambo anga. Ndiye ndikamayankhula za nyanjayi musandiyese munthu wa mu ofesi ayi.

Chaka chatha kunabwera boti pa lole kuchokera ku Malombe. Mwini wake akuti aise, injiniyi ikutentha, madzi sakutulukanso kumbuyo. Nditamasula kumunsi ndinapeza timabowo tolowera madzi tatsekeka ndi mizu yakuda ngati ndevu. Pansi pa matabwa m'botimo munali madzi akale, tinkhono, ndi timitengo ta namasupuni tili tobiriwira bwinobwino. Mukudziwa chomwe ndinachita? Ndinakapa zonsezo n'kutayira m'nyanja pomwepo pagombe. Bambo anali chapafupi akusoka ukonde. Anangodzuka, kulowa m'madzi n'kutola timitengo tija, kukaponya pa mchenga wotentha kumtunda. Akuti, “Iwe, wafika Fomu 4 koma sudziwa kuti ichi chinatseka madoko ku Shire?” Manyazi anandigwira.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza: ndi maboti angati amatsitsidwa pa lole chaka chilichonse popanda wosuzumira pansi pake?

Namasupuni kwawo ndi ku South America. Pamadzi odekha amatha kuchuluka kawiri m'masabata awiri okha, ndipo njere zake zimakhala m'matope zaka zambiri zili zamoyo. Akayala pamwamba, kuwala sikufika pansi, mpweya umachepa m'madzi, nsomba zimathawa. Pitani pa baraji ku Liwonde mukaone makina akuvuula udzu kuti usakatseke zopangira magetsi ku Nkula. Ndalama zikuthera pa chinthu choti chinayamba ngati duwa lokongola.

Koma chondiopsa kwambiri ine ndi nsomba zobwera. Ku Lake Victoria anthu anaikamo nsomba yaikulu yotchedwa Nile perch m'zaka za m'ma 1950. Kwa zaka zambiri zinkaoneka ngati palibe vuto. Pofika m'ma 1980 inachulukana n'kudya tinsomba ta mtundu wofanana ndi utaka ndi mbuna zathuzi, mitundu pafupifupi 200 inasowa. Ku Kariba, Nile tilapia yothawa m'malo oweteramo yapitikitsa tilapia ya komweko. Ndipo Nile tilapia yomweyo inapezeka kale mbali ya Tanzania, m'dera lomwe mitsinje yake imathira m'nyanja yathu ino. Ndi pachibale ndi chambo, imalimbirana nacho chakudya ndi malo oswerana, komanso imatha kukwerana ndi nsomba za mtundu umenewu. Chambo chathu ndi chofooka kale, mu 2018 akatswiri anachiika m'gulu la nsomba zomwe zatsala pang'ono kutha. Ikalowa, palibe ukonde womwe udzaichotse. Nyanja si damu loti mungaphwetse n'kuyambiranso.

Ena munena kuti izi ndi za kutali. Chabwino, tiyeni pa Thumbi pompa, chilumba chomwe timachiona tili pagombe ku Chembe. M'zaka za m'ma 1960 mbuna zochokera ku Likoma zinatayidwa pamenepo ndi ochita malonda a nsomba za m'magalasi. Zinakhazikika, zinaswana, zina zinasakanikirana ndi mbuna za pomwepo. Mpaka lero zilipo. Ngati nsomba ya m'nyanja yomweyi yasintha zinthu chonchi, kuli bwanji yochokera kunja?

Paki yathu ya Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba zimenezi. Palibe nyanja ina padziko yokhala ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa yathuyi. Alonda a paki amateteza mamita 100 kuchokera kumtunda kuti tisaponyemo maukonde. Koma namasupuni sadziwa malire a paki. Nile tilapia siwerenga chikwangwani.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Nyanja ikatsekedwa mu Novembala, anyamata ambiri a makoka timangokhala, bawo m'mawa, bawo madzulo, ena n'kuyamba kuba nyanja usiku chifukwa cha njala. Nthawi yomweyo ndi pomwe mvula imayamba, mitsinje n'kumabweretsa zinyalala ndi udzu kuchokera kumtunda. Bwanji a paki ndi a Fisheries osalemba achinyamata a m'midzi yomweyi ntchito ya nyengo, miyezi itatu kapena inayi, yolondera zinthu zobwerazi?

Ntchito yake si yofuna digiri:

1. Boti lililonse lobwera pa galimoto liyenderedwe lisanakhudze madzi. Kuchotsa udzu pa pulopela, pa nangula ndi pa zingwe, kukapa madzi a m'kati kumtunda, maukonde kuyanika mpaka aume.

2. Kuzungulira pa mathiriro a mitsinje ndi m'mabango sabata iliyonse. Namasupuni akadali wochepa amazulidwa ndi manja, kumuumitsa n'kutentha.

3. Kuyenda m'mathandala nsomba zikamatsika. Nile tilapia imadziwika ndi mizere yoimirira pa chipsepse cha kumchira. Mwaiona, jambulani pa foni, lembani doko ndi tsiku, tumizani.

4. Odziwa kumira aziyang'ana m'miyala ya ku Thumbi, Domwe ndi Otter Point. Ana a ku Chembe amadziwa mbuna za mwala uliwonse kuposa buku.

Si ine ndayambitsa nzeruyi. Ku America kuli paki yotchedwa Glacier. Mu 2016 atamva kuti tinkhono towononga tapezeka m'madamu a chigawo chawo, anatseka nyanja zonse za m'pakimo kwa maboti, ndipo atatsegula anakhwimitsa lamulo loti boti liyenderedwe kaye lisanalowe. Anzathuwo sanadikire kuti aone vuto ndi maso.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena kale. “Ameneyu akufuna tikhale akazitape a a paki.” Ndikumva, nanenso ndinaonapo ukonde wa m'bale wanga ukulandidwa, ndipo sindinaiwale. N'chifukwa chake ndikuti wolondera zobwerazi asapatsidwe ntchito yogwira asodzi. Akangoyamba kulanda maukonde, palibe adzamuonetse nsomba yachilendo, aliyense azingoibisa pansi pa usipa. Asankhidwe kudzera ku ma BVC ndi mafumu, atsikana akhalemonso, pajatu amayi ndi amene amagwira nsomba iliyonse pa thandala.

Ena mukuti ndi ganyu chabe, miyezi itatu yatha basi. Zoona. Koma usodzi womwewu si wa nyengo? Mwera ukalusa mu Juni ndani amapita panyanja? Chofunika n'choti ikhale ntchito yolemberana, malipiro odziwika obwera pa nthawi yake, mafuta a boti ndi majekete oyandamitsa alipo. Zongotipatsa T-shirt ndi Fanta tsiku la msonkhano n'kutitcha mavolontiya, zimenezo ayi. Alendo amalipira polowa m'paki kudzaona mbuna. Kagawo ka ndalama imeneyo kapite kwa oteteza mbunazo.

Pomwe tikudikira akuluakulu, ife amakanika tiyambe. Injini yochokera nyanja ina tiziitsukira mu dilamu kumtunda, madzi ake tizithira pa mchenga. Inu ogula maboti ndi maukonde akale ku Malombe kapena ku Chilwa, yanikani kaye masiku angapo. Inu a madamu, musalandire mbewu ya nsomba yosadziwika kochokera ngakhale akuuzeni kuti imakula msanga. Funsani kaye a Fisheries.

Bambo anga amati kale chambo ankachita kupatsa alendo chaulere pagombe. Ine ndakula ndikuchiona chikuchepa ndi kukwera mtengo. Sindikufuna mwana wanga adzachidziwire pa chithunzi.

Tumizani ku magulu ena mpaka ifike kwa a paki, a Fisheries ndi aphungu athu. Amene simukugwirizana nane yankhani, tikambirane.