ZA MU LUSAKA: Anyamata a Magitala Aukali ndi Cuma Cimene Anasiya

Mlendo wocokera ku Katete kapena ku Lundazi akafika pa mphambano yozungulira ya Longacres mu Lusaka, amaona mseu waukulu wolowera ku Kalingalinga umene unapatsidwa dzina la Alick Nkhata. Mseu umenewu umapitirira pa nyumba ya wailesi ya dziko lino, ndipo nkoyeneradi kutero, pakuti akulu-akulu m'midzi akali kukumbukira mau a bambo ameneyu pa wailesi, ndi imfa yace yomvetsa cisoni ku Mkushi mu Okutobala 1978, pamene asilikali a Ian Smith anaukira misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe. Koma mlendo yemweyo akatsikira ku Kabwata adzapeza mseu wina waung'ono wochedwa ndi dzina la woimba wina, Paul Ngozi. Nyimbo za a Nkhata zinali zofatsa, zomvera banja lonse litazinga moto. Za a Ngozi zinali zimene makolo ambiri anali kutsekera wailesi, nati ndi phokoso la ana osamva.

Dzina lao leni-leni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949, nakulira mu komboni ya Chibolya, kumene ngakhale masiku amenewo kunali kodziwika ndi umphawi ndi ndeu. Dzina lakuti Ngozi linadza cifukwa ca malizidwe ao a gitala: anali kuliza ndi mano, ndi kulibvutitsa mpaka anthu oonerera kuganiza kuti nsambo ziduka. Gulu lao analicha Ngozi Family, ndipo anzao odziwika m'gulumo anali a Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma ndi a Tommy Mwale pa gitala la mau akulu, maina amene munthu wa kum'mawa sangawamve ngati acilendo.

Owerenga amene sanamvepo nyimbo zimenezi aganizire cigayo ca dizilo cikamapera mgaiwa. Anyamata a nthawi imeneyo anali kulumikiza gitala la magetsi ku kabokosi kopondera ndi phazi, kamene kanali kusasitsa mau a gitala kuti azituluka okhakhala, onjenjemera ngati mabvu otsekeredwa m'cigubu. Anaphunzira zimenezi pomvera mbale za Jimi Hendrix, Black Sabbath ndi Rolling Stones, ndiponso poona James Brown amene anadzaimba m'dziko muno mu 1970. Koma pansi pa phokosolo panali kagundidwe ka ng'oma za kumudzi, ndipo mau ace anali a Cinyanja ca m'tauni, Cibemba, ndi Cingerezi cosasamala malamulo a kusukulu. Muulutsi wina wa pa wailesi, a Mannasseh Phiri, amene pambuyo pace anadziwika ngati dotolo wolimbana ndi Edzi, ndiwo amachulidwa kuti anapatsa maimbidwe amenewa dzina lakuti Zamrock.

Mbale yoyamba ya a Ngozi, Day of Judgement, inatuluka mu 1976. Caka comweco ku New York gulu la Ramones linatulutsa mbale yace yoyamba, ndipo ku London gulu la Sex Pistols linayamba kudetsa nkhawa makolo a Angerezi. Maimbidwe a magulu awiriwa anachedwa punk, ndiye kuti nyimbo zazifupi, zothamanga, zaukali, zoimbidwa ndi ana a anthu osauka amene sanapite ku sukulu ya zoimba-imba. Azungu amene anamva mbale za Ngozi Family patapita zaka makumi atatu anadabwa kupeza kuti mnyamata wa ku Chibolya anafika pa maimbidwe ofanana ndi amenewo pa nthawi imodzi-modzi, osauzidwa ndi munthu. Cosiyana ncakuti anyamata a ku London anali kunyoza Mfumukazi ndi boma lao, pamene a Ngozi anali kudzudzula za pakhomo: kuledzera, miseche, kusasamala ana, moyo wa m'komboni. Mbale yao ya 1977 yochedwa The Ghetto iri yodzaza ndi uphungu wotere. Kunena zoona, makolo amene anali kutseka wailesi akadapirira phokosolo pang'ono, akadamva mwana wa eni ace akunena zomwezo zimene ankhoswe amanena.

Cimene cinakweza anyamatawa cinali lamulo la Boma. Mu 1975 Mtsogoleri wa dziko, Dr Kenneth Kaunda, amene naonso anali okonda gitala, analamula kuti pafupi-fupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Colinga cao cinali kukweza miyambo ya makolo, ndipo kapena sanayembekeze kuti opindula oyamba adzakhala anyamata a tsitsi la nyankhalala ndi mathalauzi otambalala kunsi. Wailesi inasowa nyimbo zokwanira kudzaza maola onse, tsono makampani a mbale anayamba kusaka magulu. Ku Ndola kunali kampani ya Teal imene inali ndi makina oumbira mbale, ndi Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo. Mu Lusaka munali nyumba yojambulira mau ya dB Studios. Ena anali kukwera ulendo wautali kupita ku Nairobi, kumene a Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya anakhala zaka zingapo. M'caka cimodzi cokha ca 1975 munatuluka Africa ya gulu la Amanaz, Zambia ya a Ililonga, ndi Lazy Bones!! ya gulu la WITCH la ku Kitwe.

Kuchuka kunalipo, koma ndalama zinali nkhani ina. Zoimbira zamagetsi zonse zinali zocokera kunja ndipo mtengo wace sakanaukwanitsa mwana wa m'komboni. Kotero magulu ambiri anali kuimbira zipangizo za mwini bala, za mwini hotela kapena za munthu wa malonda, ndipo gulu likakangana ndi mwini zipangizo linali kutsala manja lende, monga mlimi wobwereka ng'ombe ndi pulawo amene mwini wace wazilanda mvula iri pakati. Cakudya ca tsiku ndi tsiku cinali kucokera pa khomo la holo, pa ndalama zolowera anthu odzabvina. Ici ndico cifukwa cace mabvuto a dziko atayamba, oimba anali pakati pa oyamba kugwa.

Mabvutowo anadza motsatana. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975 ndipo sunadzukenso kwa zaka zambiri. Anthu amene anali kuima pa mizere kufuna unga, sopo ndi mafuta ophikira sakanaganiza zogula mbale ya nyimbo. Nkhondo ya Rhodesia inafika pakhomo: pa 19 Okutobala 1978 ndege za adani zinaphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa Lusaka, ndipo mu Epulo 1979 asilikali ao analowa mu mzinda weni-weniwo nagumula nyumba ya a Joshua Nkomo. Boma linaika malamulo ozimitsa nyali ndi oletsa kuyenda usiku. Gulu lofuna kuimba linayenera kusankha pakati pa kuimba masana, pamene anthu ali ku nchito, ndi kutsekeredwa m'holo pamodzi ndi obvina kuyambira madzulo mpaka mbandakuca. Eni mabala anaona kuti kulemba mnyamata mmodzi woliza mbale za disiko nkochipa kuposa kudyetsa anthu asanu. Pambuyo pace panadza makaseti, amene munthu ali yense anali kukopera m'nyumba mwace popanda kulipira ngwee, ndipo mitima ya anthu inatembenukira ku kalindula ndi rumba ya ku Zaire.

Cotsiriza cinali manda. Mu 1987 a Kaunda anauza dziko lonse lapansi kuti mwana wao Masuzyo anafa ndi Edzi, pa nthawi imene mabanja ambiri anali kubisa dzina la matendawa. Pakati pa oimba, amene moyo wao unali wa m'mabala ndi m'maulendo, mliriwu unakolola koopsa. A Keith Mlevhu, katswiri amene anali kuliza yekha zoimbira zonse pa mbale zace, anamwalira mu 1988. A Paul Ngozi anawatsata mu 1989 ali ndi zaka 40 cabe. Mwa anyamata amene anayambitsa gulu la WITCH anatsala ndi moyo mmodzi yekha.

Wotsalayo ndi a Emmanuel Chanda, odziwika ndi dzina lakuti Jagari, limene anapatsidwa cifukwa ca kubvina ngati Mick Jagger wa Rolling Stones. Iwo anacoka m'gululo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kukaphunzira za uphunzitsi, nakhala mphunzitsi wa zoimba-imba mu Lusaka. Iwo eni ace akhala akunena kuti kucoka m'mabala ndi kutembenukira kwa Mulungu ndiko kunawapulumutsa. Nchito ya uphunzitsi itatha, munthu amene kale apolisi anali kucita kuchinga khamu lofuna kumuona anapezeka m'thengo ndi piki ndi fosholo, akukumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse ana ace. Anakhala m'maenje amenewo zaka zambiri.

Pamene m'dziko muno mbale zakale zinali kusweka m'makatoni ndi kusanduka zoseweretsa ana, kunja kunali anthu amene anayamba kuzifuna. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ya a Eothen Alapatt, inatulutsanso nyimbo za a Rikki Ililonga mu 2010 ndi za WITCH mu 2012, ndipo pambuyo pace za Ngozi Family, Amanaz ndi ena. Nchitoyo inali yobvuta cifukwa matepi ambiri oyambirira anatayika makampani a ku Ndola atatsekedwa, kotero kuti nyimbo zina anacita kuzitapa pa mbale zakale zokalika-kalika. A Ililonga, amene anasamukira ku Denmark, anali mmodzi mwa ocepa amene anasunga matepi ao. Mtaliyana wina, Gio Arlotta, anadzajambula kanema wa moyo wa a Jagari amene anatuluka mu 2019. A Jagari anagwirizana ndi a Patrick Mwondela, amene anali m'gulu la WITCH m'zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi acinyamata a ku Ulaya, nayamba kuimba m'mizinda ya Ulaya ndi Amereka. Mu 2023, ali ndi zaka zoposa 70, anatulutsa mbale yatsopano yochedwa Zango, ndipo mu 2025 inanso yochedwa Sogolo.

A Ngozi sanaone zimenezi, koma mau ao anafika kutali kuposa a onse. Mu Okutobala 2024 woimba wochuka wa ku Amereka, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca nyimbo yao ya 1977 yochedwa Nizakupanga Ngozi naciika m'kati mwa nyimbo yace yochedwa Noid. Anthu miyanda-miyanda amene sadziwa ngakhale kumene kuli Zambia anamva Cinyanja ca ku Chibolya, ndipo dzina la Paul Dobson Nyirongo linalembedwa pakati pa opeka nyimboyo. Caka ca 2023 woimba winanso, Travis Scott, anali atacita cimodzi-modzi ndi nyimbo ya Amanaz.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza mabanja a m'midzi, pakuti oimba ambiri a nthawi ija anasiya akazi amasiye ndi ana, ndipo ena a iwo anabwerera kumudzi maliro atatha. Pa mwambo wogawa cuma ca masiye acibale anawerenga mipando, wailesi, njinga ndi gitala, koma ndi ocepa amene anadziwa kuti nyimbo nayonso ndi cuma. Lamulo la dziko lino la 1994 loteteza nchito za opeka limanena kuti nyimbo ikhala ya mwini wace moyo wace wonse, ndipo iye akamwalira ikhala ya olowa m'malo mwace kwa zaka 50. Munthu wofuna kuigulitsa, kuiika m'kanema kapena kutengako cigawo ayenera kupempha ndi kulipira. Bungwe la ZAMCOPS mu Lusaka ndilo limasonkhanitsa malipiro otere kwa a mawailesi, a mahotela ndi a mabala, koma limapereka kwa okhawo amene analembetsa nyimbo zao kapena za makolo ao. Banja lopanda pepala liri lonse, losadziwa ngakhale kampani imene inaumba mbaleyo, limabvutika kutsimikiza kuti nyimboyo ndi yao, ndipo nkosabvuta kuti munthu wocenjera wa m'tauni awasainitse cikalata ca Cingerezi cogulitsa zonse pa mtengo wa thumba la feteleza.

Mbale yeni-yeniyo, ngati ikalipo m'sutikesi ya malemu, iri ndi zolembedwa pakati pace: dzina la wopeka, dzina la kampani, nambala ndi caka. Zimenezo ndizo umboni woyamba umene a bungwe amafunsa. Powerenga monga mwa lamulo, nyimbo za a Keith Mlevhu zidzakhala m'manja mwa banja lao kufikira kumapeto kwa 2038, ndipo za a Paul Ngozi kufikira kumapeto kwa 2039.