Za Akanema a Oyimba Jazi, ndi Manyazi Athu

Masabata apitawo mnyamata wina, amene ndinamphunzitsa ali mwana ndipo tsopano ali mphunzitsi mnzanga, anafika kwathu ku Chimwankhunda madzulo atanyamula kompyuta, nati, "Aphunzitsi, lero muone munthu amene anakometsa jazi." Tinakhala pakhonde, naonetsa kanema wakale wa caka ca 1954 wochedwa The Glenn Miller Story, m'mene James Stewart asewera ngati Miller. Sindikana kuti ngwokoma. Malipenga alira bwino, ndipo pamene ndege imene Miller anakweramo inasowa pa nyanja m'mwezi wa December 1944, mai wa kunyumba anapukuta misozi ndi citenje. Koma ine ndinagona ndi cironda mu mtima, ndipo ndifuna kukuuzani, inu owerenga, cifukwa cace.

M'kanema ameneyu Louis Armstrong aoneka kanthawi pang'ono, naliza lipenga lace m'nyumba ya zakumwa ku Harlem, nazimirira. Taonani cinthu codabwitsa: mwini munda aitanidwa kudzaonerera pamene mlendo akolola! Pakuti jazi inabadwa pakati pa anthu akuda a ku New Orleans, zidzukulu za akapolo, ndipo Armstrong ndiye anaphunzitsa dziko lonse kaliridwe kace. Koma m'masiku onse a moyo wace eni akanema a ku Hollywood sanakonza sewero la mbiri yace, ngakhale la Duke Ellington. Anakonza la Miller; m'caka ca 1956 anakonza la Benny Goodman; m'caka ca 1959 anakonza la Red Nichols ndi la Gene Krupa. Onsewa Azungu. Goodman ndimcitira ulemu, popeza analimba mtima kuyimba pamodzi ndi Teddy Wilson ndi Lionel Hampton pa masiku a tsankho. Komatu nyimbo zambiri zimene zinamkweza anazikonza Fletcher Henderson, munthu wakuda, amene m'kanemamo apatsidwa kampando ka kumbuyo. Nanga Billie Holiday? M'kanema wochedwa New Orleans, wa 1947, anambveka zobvala za wanchito wa m'nyumba, kuti ayimbe atatha kutumikira dona.

Wina adzati, Koma pambuyo pace anawakumbukira. Inde anawakumbukira, koma taonani makumbukiridwe ace. Lady Sings the Blues wa 1972 ndi Bird wa 1988 anena za Holiday ndi Charlie Parker, ndipo munthu akatha kuonerera cimene citsala m'mutu mwace ndi jekeseni, botolo ndi maliro. Nzoona kuti Parker anafa wa zaka 34, ndi Holiday wa zaka 44. Koma kodi Parker anadziwa kuliza saksofoni cifukwa ca mankhwala oledzeretsa? Iai! Anadziwa cifukwa ali mnyamata ku Kansas City anadzitsekera tsiku ndi tsiku kuphunzira, kuyambira m'mawa kufikira usiku. Thukuta limeneli silikoma pa kanema, motero alipitirira msanga. Mwana wa sukulu akaona zotere aphunzira bodza lalikulu, lakuti luso ndi kuledzera ziri pa cibale.

Tsono ndikadalekera pompa ndikadakhala ngati munthu woloza citsotso m'diso la mnansi. Bvuto lenileni liri pakhomo pathu.

Mnyamata uja ndinamfunsa, "Kodi Daniel Kachamba umdziwa?" Anati dzina analimva, koma nyimbo zace sazidziwa. Ndipo munthu ameneyu ndi mphunzitsi, wobadwira mu Blantyre! Kucokera ku Chimwankhunda kufika ku mudzi wa Singano ku Chileka si ulendo wa tsiku, koma wa minibasi ziwiri. Kumeneko ndiko kwao kwa Daniel ndi mng'ono wace Donald. Atate wao, James Kachamba, woliza gitala iwonso, anagwira nchito ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, ndipo kumeneko anawo anamva kwela, nyimbo za zitoliro zocokera ku Johannesburg, zimene zinayamwa kwa jazi ya ku Amereka. Atabwerera kuno anayenda m'miseu ya Blantyre ndi gitala, citoliro ca citsulo, ndi besi wa cingwe cimodzi womangidwa pa bokosi. M'caka ca 1967 Gerhard Kubik, wophunzira za nyimbo wa ku Vienna, anawapeza alikuyimba, nawajambula pa kanema, nalemba buku la gulu lao limene linasindikizidwa m'caka ca 1974. Pambuyo pace anayenda maiko a ku Ulaya. Daniel anali kuliza gitala ndi kalimba wa pakamwa nthawi imodzi, ngati anthu awiri m'thupi limodzi. Donald analowetsa citoliro m'kamwa capambali, cakutsaya, kuti mau ace atuluke onenepa. Daniel anamwalira m'caka ca 1987 ali ndi zaka 40. Donald anaitanidwa kukaphunzitsa ku University of California, Los Angeles, m'caka ca 1999, namwalira m'caka ca 2001.

Kodi mbiri yotere icepa ndi ya Glenn Miller? Mulibe kanthu kodi m'moyo wa Alan Namoko, wosaona, amene ndi banjo yace ndi Chimvu Jazz Band anayimbira ana amasiye kufikira imfa yace m'caka ca 1995? Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Kubik timthokoza; koma nzamanyazi kuti cikadapanda kalumo ka mlendoyo, nkhope za anyamata a ku Singano ali ana sitikadaziona konse.

Ndani anatiphunzitsa kupeputsa otere? Pano ndiyenera kubvomera, ngakhale kuwawa: ndife, aphunzitsi ndi akulu a mpingo. M'kanema wa 1958 wochedwa St. Louis Blues, Nat King Cole asewera ngati W. C. Handy, mwana wa mbusa, amene atate wace anayesa gitala cida ca ucimo. Pamene ndinauona sindinafunika womasulira. Ine ndemwe, caka cina ndiri watsopano pa nchito, ndinalanda gitala wa cigubu ca mafuta kwa mwana wa m'kalasi langa, amene anamanga ndi mawaya a mabuleki a njinga, ndipo ndinamphwanya pamaso pa anzace, ndi kunena kuti zimenezi nza ku mowa. Mwanayo sanalire, anatola mawaya ace, nawaika m'thumba. Lero sindidziwa kumene ali.

Musandiuze kuti tiribe amisiri. Shemu Joyah anakonza Seasons of a Life m'caka ca 2008 ndi The Last Fishing Boat m'caka ca 2012, ndipo anaonetsedwa kunja. Mbiri ya William Kamkwamba wa ku Kasungu inafika pa kanema m'caka ca 2019, dziko lonse nkuonerera. Anyamata a ku Ndirande ndi ku Bangwe ajambula masewero ndi mafoni tsiku ndi tsiku, koma nkhani zace nza ufiti ndi za kulandana amuna. Kwa iwowa ndinena: konzani kanema wa Kachamba. Koma musatsate Hollywood pa colakwa cace. Musatipatse cidakwa cogwa m'ngalande, kapena woyera mtima wopanda banga. Tipatseni mwana alikuyesa cingwe cimodzi kufikira cala citupa, atate wace alikumvetsera pakhomo, ndi anthu a pa msika alikuponya makobidi m'cipewa.

Ndipo fulumirani. Amene anawaona anyamatawo alikuyimba m'miseu mu 1967 tsopano ndi nkhalamba za zaka 70 ndi kupitirira, ndipo caka ndi caka tiwaperekeza ku manda. Mnyamata wa kompyuta uja wabvomera kuti pa chuthi cikudzaci tidzakwera minibasi ya ku Chileka. Iye adzatenga foni, ine kope ndi pensulo.